Galu Wachipewa Tsopano Akulankhula Chingerezi

Achimwene Lufeyo, dzulo zidzukulu zinandikokera ku Gweru kukaonera filimu yatsopano ya galu wachipewa uja, yemwe tinkamuonera Loweruka mu holo ya mgodi ku Maglas. Amukonzanso pa kompyuta, ubweya ngati wa galu weniweni, ndipo akulankhula Chingerezi cha m'mphuno. Zinandinyansa! Galu uja analibe mawu, mawu ake munali inu. Munkamulankhulitsa Chilapalapa ngati kapitawo wa mgodi, "Buya lapa, wena!" bakha wa mufilimumo n'kumuyankha, ndi mawu anu omwewo, m'Chinyanja chathu, "Bwera wekha, chimimba ngati thumba la chimanga!" Holo yonse inkafa ndi kuseka.

Loweruka lomaliza lija, filimu itaduka pakati, munandinong'oneza kuti, "Iwe Esinati, undisungire malo, ndikubwera." Ine chitsiru ndinayala juzi pabenchi, n'kumakalipira aliyense wofuna kukhalapo, osadziwa kuti inu mwanyamuka ndi vakomana a m'tchire, anyamata omenyera ufulu wa Zimbabwe aja, kulowera ku Mozambique. Nkhondo inatha, anzanu anabwera, inu zii. Ngakhale kutsanzika amayi kunakukanikani? Musaganize kuti ndinakukhululukirani chifukwa choti imvi zamera. Dzulo lomwelo mdzukulu anafuna kuchotsa chikwama changa pampando wa pambali panga, ndinamumenya dzanja. Iye ndi Chishona chakecho, "Gogo, pane munhu here?" Ndinati eya, pali munthu. Malo anu alipobe, Achimwene. Koma mukadzabwera mudzakhale kaye chete ndikutukwaneni mpaka mtima utsike, kenako mudzamulankhulitse galuyo bwinobwino.