Tsiku Limene Tinagwetsa Pulezidenti pa Dengu

Malume anali ndi kabuku kachikuto chobiriwira kamene mphunzitsi wina wa ku Amereka anawasiyira pobwerera kwawo. Ankakasunga m'chitini cha mabisiketi, pansi pa makhadi achipani. Kankafotokoza za Nyumba ya Malamulo ya kumeneko.

Chaka chimenecho, nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndinali mu Sitandade 6. Ine ndi amayi tinkakhala ndi malumewo pa komboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi Chitakale, kumene iwo anali kalaliki. Mvula ikatitsekereza pakhonde Lamulungu masana, ankandimasulira kabukuko. Nyumba ya Malamuloyo, Kongiresi, ili ndi zipinda ziwiri, Seneti ndi Nyumba ya Oimira Anthu. Bilu ndi lamulo lisanavomerezedwe. Vito ndi pamene pulezidenti wakana kusaina, koma aphungu awiri mwa atatu alionse akagwirizana m'zipinda zonse, lamulolo limadutsa iye asakufuna. Panalinso impichimenti, mawu amene ankawatchula chonong'ona: oimira anthu amamuimba mlandu pulezidenti, maseneta n'kumuweruza ngati achoke pampando.

"Izi n'za m'nyumba muno, wamva?" ankatero. Ndinkagwedeza mutu movomera. Koma ine sindinkatha kusunga chinsinsi, ndipo matenda ofuna kuoneka wodziwa ndikadali nawo mpaka lero.

Sukulu itatsekera, ndinasonkhanitsa anzanga kuseri kwa shedi yoyezera tiyi. Aatali anakhala maseneta, ife aafupi oimira anthu. Mwana wa kapitawo tinamukhazika pa dengu lovundikira, tinati ndiye pulezidenti. Bilu yathu inali yoti mpira wamasanza uzigona nyumba zonse mosinthana. Iye anakana, poti mpirawo unali wake. Tinakweza manja, tinamuposa. Atakanabe ndinakuwa kuti, "Impichimenti!" Tinamugwetsera m'matope onunkha masamba a tiyi, ndipo anathamangira kwawo akulira kuti tamuchotsa upulezidenti.

M'mawa mwake kapitawo anafika kwathu pa galimoto ndi amuna awiri achipani. Amayi anayamba kundiyankhula m'Chilomwe, chimene ankachita akagwidwa mantha, koma sindinawalabadire. Mmodzi wa amunawo ananjuta n'kundisekerera.

"Mwana wanzeru iwe. Zochotsa pulezidentizi wakuphunzitsa ndani?"

Sanandimenye, sanandiopseze. Ichi ndiye chimandichititsa manyazi koposa. Ndinayankha monyada kuti, "Malume! Ali ndi buku lake," n'kuthamanga ndekha kukatenga chitini chija.

Amunawo anawapeza malume atavala kale malaya a kuntchito. Powatulutsa, akazi a pa komboni ataimirira m'makomo, iwo anandiloza n'kunena mokweza kuti, "Mwanayu ndi mbuli, sadziwa n'kuwerenga komwe. Amangobwereza ngati wailesi. Musataye naye nthawi."

Malume anabwerako kundende patatha zaka ziwiri, mano akutsogolo palibe, ntchito yawo atapatsa wina. Zaka zonsezo ine ndinali nditawasungira mkwiyo. Ndinkauza amayi kuti malume ndi abodza, anandinyoza pagulu chonsecho ndinkakhala nambala wani m'kalasi. Amayi ankangondiyang'ana. Sindinkadziwa kuti tsiku lija amuna aja anabwera ndi malo a anthu awiri m'galimoto: a malume ndi anga.