Novena Yotsiriza ya aGervazio Oimba Belu

"Dipuloma yanji yopanda ntchito?"

"Amayi, ndanena kale. Si ya ku koleji. Ndi zaka ziwiri zokonzekera yunivesite."

"Ndiye ukukabwereza Fomu 3 kudziko la eni? Mwana wa aBonifasi anatenga dipuloma ku Lilongwe, lero ndi mlangizi, ali pa njinga yamoto. Yakoyo ibwera ndi chiyani?"

"Maphunziro asanu ndi limodzi, chilankhulo chatsopano, nkhani yofufuza ya mawu zikwi zinayi."

"Mawu tili nawo kale pakhomo pano, Tikondwe. Iwe wekha umatulutsa zikwi zinayi dzuwa lisanatuluke."

Umu ndi mmene ine ndi amayi anga aFilomena tinkakanganirana pakhonde, Loweruka lina la mwezi wa Juni, nkhungu ili mbuu m'minda ya mbatatesi kwa Kaphuka. Ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4 chaka cham'mbuyo mwake. Sukulu ina yakunja, yolandira ana a m'mayiko ambiri, inali itandisankha kuti ndikaphunzire mwaulere. Chotsala chinali chimodzi: wondiyang'anira asaine pepala, lifike kumeneko pasanathe Lachisanu. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi sakanagwira cholembera mwini mbumba ali moyo.

Mwini mbumbayo, amalume anga aGervazio, anali chigonere m'nyumba, chifuwa chikulira ngati macheka. Anamva zonse. Anatiitana, nayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Tiyambe novena," anatero.

Novena ndi mapemphero a masiku asanu ndi anayi. Ndinawerenga pazala. Lachisanu linali tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe moyo wa aGervazio m'kalata ya parishi, ndipo andichenjeza kuti ndisathamange. Ndiyesa.

AGervazio anabadwa m'chaka cha 1958. Bambo awo anapita kumigodi ku Joni osabwerako. Kusukulu ya mishoni mnyamatayo anali patsogolo pa masamu, ndipo mu 1974 kunabwera kalata yakuti wasankhidwa kupita kusekondale. Mwezi womwewo mayi awo anamwalira pobereka mwana wotsiriza, amene ndi amayi anga. AGervazio sanapite. Anakalowa ntchito yocheka matabwa a paini pa Phiri la Dedza, kuti khandalo lipeze mkaka. Kumeneko macheka anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja. Akuluakulu amati anamanga nsanza pabalapo, natsika phiri wapansi, ndipo tsiku lomwelo sanaphonye mapemphero a korona a madzulo.

Atakwatira aMagadalena anawapempha chitengwa, kuti asasiye alongo awo okha. Mwana sanawapatse Mulungu. Anthu ankawalangiza zosiyanasiyana, ena mpaka kuwalozera makomo a asing'anga, koma iwo ankangoyankha ndi mawu a m'pemphero la Atate Athu: "Kufuna kwanu kuchitidwe." AMagadalena atadwala anawasamala zaka zitatu, kuchapa ndi kutunga madzi okha, amuna anzawo akuseka m'mbali.

Pa tchalitchi chathu chaching'ono tilibe belu lenileni. Tili ndi limu, chitsulo cha tayala la lole, yopachikidwa pamtengo. Kwa zaka makumi anayi aGervazio ndiwo ankaiimba, m'mawa, masana ndi madzulo, kuitanira anthu ku pemphero la Mngelo wa Ambuye. Ankati chitsulo chozizira chimamveka patali kuposa chofunda, "ndiye musamadandaule ndi chisanu, chikugwira ntchito ya utumwi." Ankayendera odwala a m'mphakati mwathu atanyamula mbatatesi m'thumba la jekete. Ndipo chinthu chilichonse chachikulu, kaya ndi ukwati wa wachibale, kaya mkangano wa malire a dimba, ankayamba achitira novena. Palibe amene anawamvapo akunena kuti "ine ndikufuna." Ngakhale mchere patebulo ankangoti, "Kapena ulipo?"

Izi zonse ndi zoona, ndipo ndimaziyamikira. Koma sabata imeneyo ndinkaziona ngati khoma.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndinagwada bwinobwino. Lachitatu lake milomo inkati Tikuoneni Maria, mtima uli m'ndege pamwamba pa mitambo, kenaka m'nyumba ya mabuku ya mawindo aatali, pomwe mtsikana wa kudziko lomwe sindinalimvepo akundifunsa kuti Dedza ndi kuti. Kenaka amalume ankatsokomola, ndege n'kugwa. Ndinkaopa zinthu ziwiri, ndipo ndikuulula pamaso pa parishi yonse kuti sindinkadziwa chachikulu n'chiti: kuti amwalira, kapena kuti amwalira asanasaine.

Tsiku lachisanu la novena anandifunsa kuti kusukuluko amaphunzira zotani. Ndinawauza kuti aliyense amayenera kugwira ntchito yothandiza anthu, apo ayi dipuloma sapata.

"Chifundo chimalowa m'mayeso?" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Azungu achenjera. Ife tinasiyira Mulungu kuchonga."

Ndinawauzanso za phunziro lina lomwe funso lake ndi limodzi basi: chimene ukudziwacho, wachidziwa bwanji? Apo sanaseke. Anatembenukira kukhoma.

"Amalume, pepala lija..."

"Lero ndi lachingati?"

"Lachisanu la novena."

"Ndiye kwatsala anayi."

Ndinatuluka, ndinakalira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anandipeza. Sanandikalipire. Anati, "Akamwalira achimwene, iwenso n'kupita, belu likamalira ndizigwada ndi yani?" Mawu zikwi zinayi aja anandithawa onse.

AGervazio anadzozedwa mafuta a odwala Loweruka. Anamwalira Lamulungu masana, tsiku lachisanu ndi chinayi, titangotsiriza pemphero lomaliza la novena, korona ali m'zala zawo zitatu. Nkhope inali ngati ya munthu amene watula mtolo pakhomo. Masiku onse a matenda awo anyamata ankawaimbira, koma masana amenewo limu sinalire, ndipo anthu a m'midzi itatu anadziwa okha popanda wotumidwa.

Koma ndathamanga, monga ananenera bambo mfumu. Ndibwerere ku Lachisanu.

M'mawa umenewo sindinapemphe kanthu. Wojambula mapepala pamakina ku Linthipe, amene akanatumiza pepalalo kusukuluko, amatseka 4 koloko, ndipo ndinali nditavomera mumtima kuti atseka ine kulibe. Ndinkasenda mbatatesi pakhonde dzuwa likukwera, osafuna kuliyang'ana. Cha m'ma 11 koloko ndinamva mawu m'nyumba.

"Filomena, undidzutse. Tikondwe, cholembera."

"Achimwene, novena sinathe," anatero amayi.

"Ndikudziwa kuwerenga. Ndinali woyamba pa masamu." Anapuma kaye. "Khala apa, mlongo wanga. Kalata yanga ija ya 1974 inkafuna yankho pa masiku asanu. Ine ndinayamba novena. Ndinkadziwa kuti pomatha masiku asanu ndi anayi malo adzakhala atapita, ndipo sindidzafunika kunena kanthu. Anthu anati ndi mnyamata wa chikhulupiriro. Koma analinso mantha."

Amayi anagwira pakamwa. "Chifukwa cha ine."

"Ayi. Akanandifunsa ndikanasankha iwe, ndipo ndi lero ndingasankhe iwe. Koma ndikanasankha ndi pakamwa panga, osabisala kuseri kwa korona. Mwana uyu wandifunsa funso la kusukulu kwakeko, ndalephera kugona nalo. Kufuna kwa Mulungu ndinakudziwa bwanji, ine osamuuzapo kwanga? Loweruka lija ndinayambanso zomwezo. Ndinkaopa kukusiya wekha."

"Nanga mapemphero?"

"Titsiriza. Awiri otsalawo akhala ako, kuti belu likamalira upeze wogwada naye."

Ndinawaikira pepala pa buku la nyimbo. Anapana cholembera ndi zala zitatu zija, ine mpweya nditaugwira kuopa kuti inki ithera panjira. Analemba dzina lonse, chilembo chimodzichimodzi, mozungulira bwino ngati mwana wa mishoni. Amayi ndiwo anagwirizira bukulo kuti lisagwedere.

Atamaliza anatseka maso. Tinayembekeza mawu awo a masiku onse aja, akuti "Kufuna kwanu kuchitidwe." Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyankhe Amen.

"Ambuye, kwanu mukudziwa nokha," anatero aGervazio. "Kwanga ndi uku. Ndinkafuna kupita kusukulu. Ndikufuna mwanayu apite."