Chipewa cha Maginito ku Namitete

Tinanyamuka kwathu, kuseri kwa Nsaru, mame asanakamuke, ine ndi msuweni wanga Layitoni. Kunena zoona, amene ananyamuka ndine. Iye ndinachita kumukoka ngati mbuzi yopita kumsika.

Layitoni anagwira ntchito pachigayo kuyambira tsitsi lili bii mpaka linayera, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ndi imvi kapena ufa. Atasiya ntchito, chigayo chinamutsatira kunyumba. M'makutu mwake munayamba kulira nyenje yosapuma. Tulo tinathawa, nsima inayamba kubwerera, kenaka mawu anatha. Mawuwo asanatheretu, tsiku lina anauza mkazi wake, a Nabanda, kuti watopa nawo moyo. Mayiwo anabisa zingwe za mbuzi ndi mankhwala opopera fodya. Anamusamaliranso monga timachitira ndi wodwala: kumusamutsira m'kanyumba ka kumapeto, kuzimitsa wailesi, kuthamangitsa adzukulu pabwalo. Tambala wolira kwambiri anamuthira mchere. Ineyo anandiletsa kufikako, ati pakamwa panga mpachigayo.

Koma mwana wawo wa kutauni atatumiza kanema pafoni, woonetsa azungu akuika makina a maginito pamutu pa munthu pochiza nkhawa ndi kulira kwa m'makutu, ndipo mphekesera itamveka kuti makinawo afika ku Namitete, a Nabanda anandikumbukira. Wokakamiza munthu wamkulu popanda mlandu ndi msuweni basi.

Wakabaza anatikweza tonse awiri panjinga yamoto imodzi, masauzande anayi aliyense mpaka pa Msundwe. Anatiyang'ana nati, "Agogo, awawa ndi odwala kapena angokukwiyirani?"

"Zonse ziwiri," ndinatero. "Asuweni, gwirani m'chiuno mwanga. Musachite manyazi, alongo anu amagwira pomwepo."

Kale akanandibwezera mawu oti ndisadye masiku awiri. Tsikulo anangogwira. Apo mpamene ndinachita mantha.

Tinafika pa Msundwe dzuwa litakwera, fumbi lili mbuu mpaka m'mano. Ndinagula zitumbuwa ziwiri ndi thobwa. Layitoni ananunkhiza chake n'kundipatsa. Ndinadya zonse, poti kutaya chakudya ntchimo. Minibasi ya ku Mchinji inatitenga pa masauzande awiri, anayianayi pampando wa atatu. Mayi wina wonyamula nkhuku atamva kumene tikupita anaomba m'manja.

"Adokotala a maginito? Amphamvu amenewo! Apongozi anga anachira bondo."

"Makina a pamutu aja anavala pabondo?" ndinafunsa.

"Pamutu, bambo. Mphamvu imatsika yokha."

Ife Achewa tikamva kuti chinthu chachokera kunja, nzeru timazisiya pakhomo ngati nsapato.

Pa Namitete tinatsika cha m'ma leveni. Chipatala cha maginitocho chinali tenti ya buluu kuseri kwa ogulitsa kaunjika. Adokotala ake anavala jasi loyera la pabutchala, ndipo Chichewa ankachiyankhula mopotoza lilime, chonsecho mphumi ndi wa kwathu konkuno. Pampando panali chipewa cha njinga yamoto, nthambo ziwiri zikupita kubatire la galimoto. Anthu anali pamzere ngati kogula feteleza wotsika mtengo: wa msana, wa shuga, wina wofuna mkazi wake abwerere.

Nthawi yathu itakwana, adokotalawo anamuveka Layitoni chipewacho, n'kudina kabatani. Kanyali kofiira kanayaka.

"Mukumva mphamvu ikulowa mu ubongo, bambo?"

Layitoni anakweza dzanja, napisa m'kati mwa chipewa, napapasa. Anachivula, nachitembenuza, nang'amba kansalu ka m'katimo. Munali zitsulo ziwiri zakuda zomata ndi phula.

"Iyi," anatero, mawu atasasa ngati chitseko chakale, "ndi maginito ya pachigayo."

Miyezi yonseyi, mawu oyamba ndi amenewa!

"Bambo, musaononge zipangizo za..."

"Khala chete, mwana iwe. Iyi timaika pakamwa pa chigayo kuti izigwira misomali ndi mawaya obwera m'chimanga, sefa ingabooke. Ndaipukuta m'mawa uliwonse iwe usanabadwe. Taona, ufa ukadali m'mphepetemu. Ndiye ukuti m'mutu mwanga muli misomali?"

"Mwina ilimo, asuweni," ndinatero. "Tagwedezani timve."

"Iwenso tseka pakamwa, galu wopanda mano."

Sindinatukwanidwepo mokoma chonchi chibadwire. Mzere unayamba kusungunuka, kupatula uja wofuna mkazi wake, amene anasendera kutsogolo mokondwa.

Poti tinali titafika kale, ndinamukokera kuchipatala chenicheni cha pafupi pomwepo. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala wake anali mtsikana woti nkukhala mdzukulu wanga, koma anafunsa mafunso amene ife tonse tinkaopa kufunsa, ngakhale la zingwe lija. Za maginito anati makina enieni aliko kunja, aakulu, oyendera magetsi, ndipo munthu amapitako masiku ambiri motsatizana. Ena odwala nkhawa amathandizika nawo. Za m'makutu akatswiri sanatsimikize. Koma si chipewa cha kabaza. Anapereka mankhwala a nkhawa, natiuza tsiku lobwerera, natinso a Nabanda asatulutse zimene anabisa. Kenaka anafunsa:

"Kunyumba amakhala pati?"

Ndinafotokoza monyadira za kanyumba kachete kaja, wailesi, adzukulu, ndi malemu tambala. Dokotalayo anagwira pachibwano.

"Agogo, pachete mpamene kulira kwa m'makutu kumakula. Muwayatsire wailesi chapansipansi. Azikhala pa anthu."

Ndiye kuti mudzi wonse, ndi chikondi chathu chonse, tinatsekera munthu m'chipinda ndi nyenje yake kuti azimvetserana bwino.

Pobwerera tinakwera minibasi yokalamba kuposa ine, injini ikulira ngati ikugaya miyala, chitseko chomanga ndi chingwe. Tisanafike patali ndinamva kulemera paphewa. Layitoni anali atagona, kukamwa kuli yasa, dovu likutsikira pajekete langa la kutchalitchi. Kondakitala anafuna kumudzutsa kuti asendere.

"Ukamukhudza ndikuluma," ndinatero, "ndi nkhama zomwezi."

Pa Msundwe anadzuka yekha, nati akufuna tchipisi cha pachiwaya. Anadya theka, akudandaula kuti mafuta ake ngakale.

Tinafika kumudzi ng'ombe zikulowa m'khola. A Nabanda anatichingamira akunong'ona, chala pamlomo.

"Yankhulani mokweza, mayi," ndinatero. "Tulutsani wailesi, itanani ana aja. Ndipo mawa ndikubwera ndi bawo."

"Inu? Ndi phokoso lanulo?"

"Alemba kuchipatala. Kawiri patsiku, atadya."

Nyenje ija ikadalipo, sindikunamizani, ndipo masiku ena Layitoni amabwerera kuyang'ana khoma. Tsiku lobwerera kuchipatala ndidzamukokanso. Koma dzulo, pakhonde la chigayo pamene timakhala tsopano, anandidya nkhomo zonse pa bawo, nauza anthu kuti mutu wanga ngakhale maginito singapezemo kanthu. A Nabanda agula tambala wina.