Galu Amene Anagwetsa Thandala la Usipa

Galu ameneyo sindinamugule ndipo sindinamupemphe kwa munthu. Anamusiya azungu a chigalimoto chachikulu chija chinkayenda ndi mahema, m'zaka zimene malo ogona alendo anayamba kuchuluka kufupi ndi Chintheche, ulamuliro wa zipani zambiri utangoyamba kumene. Anamutola kwinakwake panjira ali kamwana, anamujambula zithunzi, ankamupsompsona ndi pakamwa pomwe. Kenako anakumbukira kuti kutsogolo kuli malire ndipo galu alibe pasipoti, ndiye chikondi chonse chija anachisiya kuseri kwa nyumba yochapiramo zovala ya pa loji ina.

Wochapa m'nyumba imeneyo ndinali ine, mkazi wa ku Ntcheu wopanda mbale ndi mmodzi yemwe m'boma lonselo. Ndinkachita lendi kachipinda m'mudzi, kwa mayi ena achikulire, akazi a mkulu wa mpingo, amene ankachita geni ya usipa. Kagaluko kananditsatira mpaka kumeneko, ndipo poti palibe wina amene ananditsatirapo m'moyo mwanga popanda kufuna kanthu, ndinakasiya kalowe.

Ndinalakwitsa poganiza kuti sikafuna kanthu. Tsiku lomwelo kanadya sopo wanga wochapira, theka la mtanda, n'kumandiyang'ana thovu lili kukamwa ngati kakudikira ndiwo.

Agalu a kunyanja ndi aulemu wawo. Amadya mitu ya nsomba ndi makombo a kondowole, nsima ya chinangwa ija, kenako amakagona pansi pa bwato. Wanga ayi. Ndikamuikira chakudya m'mbale ankanunkhiza, n'kundiyang'ana monga ndamutukwana, n'kupita kukadya kandulo. Anadya patapata wanga wakumanzere, chivindikiro cha chigubu, chingwe cha wailesi ndi ngodya ya mphasa. Kuntchito ankadumphira masokosi a alendo pa chingwe choyanikira. M'mawa uliwonse ndinkazungulira kuseri kwa nyumba ndi kamtengo m'manja kukaona zimene ndinataya dzulo. Sokosi ina inatuluka yathunthu, mtundu wake osasintha, moti mpaka lero nsalu za kunja ndimazipatsa ulemu.

Anthu ankaseka, ine mantha ali tho, chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku lina chinthu chidzamutsekera m'matumbo. Ndinayamba kukhala ngati munthu wa m'dera la madzi osefukira, katundu yense m'mwamba. Nsapato ndinkapachika pa msomali, sopo pamwamba pa chitseko, machesi m'thumba la diresi. Ndinapita naye kwa mlangizi wa ziweto, amene anati mwina ndi njoka za m'mimba, nandipatsa mbulu wa mankhwala wokulunga m'kapepala. Mbuluwo analavula. Kapepalako anameza.

Zonsezi zinali pakati pa ine ndi iye, mpaka pamene anatulukira thandala. Thandala ndi nsanja yaitali ya mitengo imene amayalapo bango kapena ukonde n'kuyanikapo usipa kuti usakhudze mchenga. Mitengoyo ambiri ankaimanga ndi malegeni, timizere todula ku chubu cha njinga. Galu wina aliyense akafika pamenepo maso amakhala pa nsomba. Wanga anayang'ana nsomba zodzaza thandala lonse, nasankha mphira. Anatafuna mfundo imodzi, natafuna ina, mpaka thandala la mayi a nyumba linagwada pansi ndi usipa wauwisi wa m'mawa umenewo. Usipa wa mchenga ogula amauzindikira ndi dzino limodzi, ndipo saufuna.

Ndinapepesa mogwada. Ndinayesanso kufotokoza kuti galu wanga si wakuba, sanadye nsomba ndi imodzi yomwe. Amayi a pamathandala anaseka mpaka kugwirana mapewa, chifukwa kwa iwo wakuba anali bwino, amatenga pang'ono n'kusiya nsanja ili chiimire. Sabata isanathe anagwetsa thandala lina, la mayi wamasiye.

Mayi a nyumba anabwera Lamlungu atavala zoyera za kutchalitchi, nakhala pakhonde langa. Sanakweze mawu.

"Mwana wangu, ine sindibisa cha," anatero. "Kuno galu wovuta pa thandala timamuikira nsomba yake pansi. Amadya kamodzi basi. Ndakuuzani chifukwa mumagona m'nyumba mwanga."

"Yewu, ama," ndinayankha, pothokoza m'Chitonga changa chochepacho.

Ndinawathokozadi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma atachoka ndinakhala pansi n'kulingalira mawu awo. Ankanena za mankhwala a makoswe, timibulu takuda tija, amene ankalowetsa m'mimba mwa nsomba. Sindikanawatsutsa. Usipa umenewo ndiwo unkaphunzitsa ana awo, ndipo kwa eni kulibe mkuwe.

Ndinamumanga ndi chingwe, anadya chingwe. Ndinapita naye kuntchito, abwana anati alendo analipira kudzamva mafunde, osati kulira kwa galu, ngakhale alendo omwewo ndi amene ankamuponyera mafupa a nkhuku. Ndinapempha tcheni chakale cha pageti kwa alonda n'kumumangirira ku mtengo wa mango kunyumba. Chitsulo chinamukanika, ndipo ndinayenda monyada masiku angapo ngati munthu amene wapambana mlandu. Sindinaganize za lamba wachikopa amene ndinamumanga m'khosi. Mmene anamufikira lambayo ndi mano sindidziwa mpaka pano.

Tsiku limenelo ndinabwera kunyumba masana kudzamupatsa madzi, ndipo ndinapeza tcheni chili chokha pansi pa mtengo. Ndinathamangira kumathandala. Ndinamuona patali, pansi pa nsanja ya kumapeto, atawerama pa tsamba la nthochi. Patsambapo panali timausipa toyalidwa bwinobwino, monga amakonzera mlendo. Galu amene anakana nsomba moyo wake wonse anasankha tsiku limenelo kuti akhale galu ngati anzake.

Ndinamugwera pamsana n'kupisa dzanja m'kamwa mwake. Anandiluma pachala chachikulu mpaka pafupa, koma ndinatulutsa nsomba ziwiri zotafunidwa, timibulu takuda tikuoneka. Sindinadziwe kuti wameza zingati. Posakhalitsa anayamba kunjenjemera, dovu lili chuchuchu, miyendo yakumbuyo ikukana. Ndinakuwa m'Chichewa cha kwathu, mawu amene mkazi wobatizidwa sayenera kuwadziwa.

Amene anafika koyamba anali mayi a nyumba. Anakoka makala pa moto wa mayi wina amene ankawamba nsomba, nawathira madzi, nawasinja ndi mwala, n'kusungunula m'kapu. Anamupana galuyo pakati pa maondo awo ngati mbuzi, ine ndikutsanulira kukamwa. Anasanza pa chitenje chawo. Tinamunyamulira kumsewu, ndipo woyendetsa matola wina anavomera kutifikitsa kwa mlangizi uja, amene anamubaya jakisoni n'kunena kuti tabwera mochedwa, mawu amene amanena kwa aliyense kuti chikachitika chisakhale chake.

Pobwerera ndinawafunsa mayiwo ngati ankadziwa amene anayala tsamba lija. Anati anayala ndi iwo. Anati anandichenjeza, ndipo thandala la kumapetolo linali la mwana wawo wamkazi. Kenako anang'amba kansalu n'kundimanga chala. Ndinafuna kuwada, koma zinandikanika, ndipo kulephera kumeneko kunandikwiyitsa kuposa chilondacho.

Galuyo anachira. Atangotha kuima, anayamba kutafuna nsanza imene ndinamufunditsa, ndipo ndinadziwa kuti palibe chimene waphunzira. Mathandala sakanasamuka chifukwa cha iye, tsamba lina likanayalidwa, ndipo ine sindikanakhala pafupi nthawi zonse.

Kunali bambo wina wa ku Limphasa amene ankabweretsa mpunga ku loji pa njinga. Kwawo kunalibe mathandala, kunali minda ya mpunga ndi mbalame zofuna kuingitsa. Ndinamuuza zoona zokhazokha, sindinabise sopo ngakhale sokosi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti nanga chakudya chake chenicheni n'chiyani. Galuyo anamuika m'dengu pakaliyala. Ndinaima pamsewu ndikudikira kuti galu wanga acheuke, monga amachitira agalu a anthu ena. Iye n'kuti ali kalikiliki ndi mkombero wa dengulo.

Patapita miyezi ndinakwera minibasi kukamuona, nditamunyamulira mitu ya nsomba ngati chitsiru. Ndinamupeza ali m'mphepete mwa munda, womasuka, wopanda tcheni, ubweya ukuwala. Akazi a bamboyo anandiuza kuti galuyo anadya chipewa cha apongozi awo ndi chishalo cha njinga, koma ankanena akuseka, monga mmene mayi amadandaulira za mwana amene amamukonda. Galuyo anabwera, nanunkhiza dzanja langa, nagwedeza mchira pang'ono mwaulemu, monga amachitira kwa mlendo wa pakhomo. Mayiyo anamuitana m'Chitonga, ndipo anandisiya n'kukagona pamapazi ake. Ine sanandimverepo n'kamodzi komwe.

Anandipatsa kathumba ka mpunga, ndinathokoza, ndinayamikira mmene akumusamalira, ndipo zonsezo ndinanena ndi mtima woona. Misozi inadikira mpaka nditakhala m'minibasi. Ndinalira ndithu, osabisa, kathumba kali pamiyendo, mpaka kondakitala anasiya kuitanira anthu n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndikuchokera ku maliro.

"Ayi, achimwene," ndinatero. "Ali moyo. Wanenepa."