Usipa Wanga Unakhala Umboni

Chaka chimene tinakana msonkho wa pamsika, ine ndinkagulitsa usipa wouma m'mbali mwa msewu wopita ku Dwangwa. Sitinkafuna zambiri, chimbudzi basi. Tsiku ndi tsiku bambo wa khonsolo ankatidulira tikiti, koma zikatipana tinkathamangira m'munda wa nzimbe ngati akuba. Ndiye tinapangana kuti msonkho tidzapereka tikadzaona chitseko cha chimbudzi.

Akuluakulu amene ankati ndalama ya simenti palibe, ya mafuta a galimoto ya asilikali anaipeza. Asilikaliwo anafika m'mawa, zipewa zachitsulo kumutu, kudzathira nkhondo amayi a tomato ndi zitumbuwa. Anzanga analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Ine ndi thupi langali ndinangokumbatira beseni, chifukwa mpamba wanga wonse unali m'menemo.

Msilikali wina, wamng'ono woti ine n'kumubereka, anawerama n'kundinong'oneza.

"Mayi, pepani, chimbudzi chili kuti kuno?"

"Mwana wanga, nkhondo mwabwererayi ndi ya chimenecho," ndinatero, uku ndikumulozera ku nzimbe.

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunandimangitsa. Ananditenga pamodzi ndi beseni.

Kukhoti anati usipawo ndi umboni, sutuluka mpaka mlandu uthe. Ine anandipatsa belo, usipa anaukaniza. Mlandu unkangosunthidwa: lero woweruza ali kumaliro, mawa fayilo sikuoneka. Beseni likamabwera kutsogolo, umboni unkakhala utatsikako, osunga ake masaya akusalala. Mmodzi anafika pondidandaulira pakhonde kuti usipa wanga unachuluka mchenga.

Tsiku lachigamulo beseni linabwera lotsukidwa bwino. Woweruza anasuzumiramo, anakonza magalasi, n'kunena kuti popeza palibe umboni woti ndinkagulitsa kanthu pamsika, ndilibe mlandu. Amayi anzanga akutchalitchi anaimba nthungululu. Ine mtima unkandiwawa, ndipo ndinalira, iwo n'kumayesa ndi chimwemwe.

M'mawa mwake ndinakakhala pamalo panga ndi beseni lopanda kanthu, kuopa kuti wina angandilande malowo. Bambo wa khonsolo uja anafika. Anayang'ana m'beseni, anayang'ana ine.

"Mayi, msonkho ndi wa malo, si wa usipa," anatero, akung'amba tikiti.

Ndinalibe choti n'kupereka. Anatenga beseni.