Tinsomba ta Giledi Imodzi

Bambo a kunyumba kwanga anali wosankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Chisemphere. Ntchito yawo inali kupatula masamba m'magiledi, ofiira paokha, owala paokha, aatali kwa aatali anzake. Khalidwe limeneli analowa nalo ndi m'nyumba momwe. Masipuni anga ankawandandalika ngati akupita nawo ku okushoni, ine n'kumangodziluma lilime.

Maso atayamba kuchita khungu, ku esiteti anawapumitsa. Munthu uja anangoti zii. Ankakhala pakhonde tsiku lonse kuyang'ana kuchigafa cha fodya, chakudya n'kumangochitola ngati mwana wodwala. Ndinkaopa kuti andifera ali chikhalire.

Mwana wathu wamkazi, yemwe amagwira ntchito ku Lilongwe, ndiye anabweretsa bokosi lagalasi losungiramo nsomba, ndi kapampu koyendera sola. Anati adzabwera ndi mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala ya kunyanja, ndipo anafunsa bambo ake mtundu umene akufuna.

"Tabuluu tokhatokha, tofanana msinkhu," anatero. "Zosakaniza ayi."

"Adadi, wogulitsa akuti tofanana timamenyana."

"Iyeyo anasankhapo fodya?"

Tinabweradi tabuluu tokhatokha, ndipo bambowo anatsitsimuka. Ankadzuka m'mamawa, kukokera mpando pafupi, mphuno pagalasi. Koma kamodzi kanalanda mwala wapakati n'kuyamba ufumu. Kakang'ono ngati chala changa, koma mtima wake wa tambala. Kalikonse kofanana nako kankakaona ngati kobwera kudzalanda malo. Tinzake tinkapanikizika m'ngodya, michira yonyotsoka, osayerekeza n'komwe kudya. Ine ndinkakatukwana pokolopa, ndipo sindibisa, ndinkakasilira pang'ono.

Tinsombato tinayamba kufa. Bambowo ankandifunsa kuti kovutitsako ndi kati, chifukwa kwa iwo tonse tinali chinthu chimodzi chabuluu chongoyendayenda. Ndikaloza, kathawa kale. Tsiku lina nditavuula kena kakufa, anatembenuza mpando n'kubwerera pakhonde paja. Nsima ya masana sanaikhudze.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinaimbira mwana uja kuti abweretse tachikasu, tamizeremizere, tilitonse tosiyana. Ndinatuma adzukulu kukatola miyala kudambo, ndinaitsuka bwinobwino n'kuiunjika m'bokosimo mwachisawawa, kuti aliyense apeze phanga lake. Tinsomba tatsopano titafika, mwala wa kamfumu kaja ndinausuntha dala. Kanazungulirazungulira kosokonezeka, kuthamangitsa uyu pang'ono, uyo pang'ono, mpaka kanatopa. Ndewu siinatheretu, koma maliro anatha.

Bambowo analowa madzulo atamva phokoso la adzukulu. Anaima patali, manja kumbuyo.

"Mayi, belo lotere ku okushoni akanalibweza."

"Alibweze. Kuno si ku okushoni."

Ndinayembekezera mkangano, ndipo mayankho ndinali nditakonzeratu. Koma iwo anakoka mpando, kukhala, n'kusendeza nkhope pagalasi. Kenako chala chawo chinayamba kuyenda pagalasipo pang'onopang'ono, kutsatira kansomba kamodzi kuchokera kumwala kukafika pamwamba, n'kubwerera nako pansi.

Ndimawakonda bambo amenewa, ngakhale ndi ouma mutu ngati chitsa. Anandikoka chitenje osatembenuka.

"Kachikasu aka," anatero motsitsa mawu, "ndikukaona."