Anandiikira Otomatiki M'vaneti Yakale

Ndikulemba izi mtima ukadali wotentha, ndipo sindikudziwa ngati udzazizira. Ndinalola munthu kuika giyabokosi yamakono m'galimoto yanga yakale, ndipo zomwe zinatsatira zinawononga nyumba yanga. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene munasiyiridwa galimoto, mvetserani.

Ndimakhala ku Buchi, mu Kitwe muno. Amuna anga atamwalira anandisiyira vaneti yakale ya dizilo, imene ankanyamulira katundu wa amalonda a kumsika wa Chisokone. Ndinaphunzira kuyendetsa, n'kupitiriza ntchitoyo kuti ana adye. Vuto linali bondo langa lamanzere. Likatupa, kuponda kilachi kunkanditulutsa misozi.

Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi, mkulu wina wa mpingo wathu, yemwe ali ndi galaja ku Ndola, anandiona ndikutsimphina. Anati ali ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya 8, yochokera m'galimoto yatsopano yomwe inachita ngozi. "Mayi, za kilachi mudzaiwala. Mwendo umenewu upume," anatero. Munthu wotitsogolera mapemphero ndikanamukayikira bwanji?

Zimene sanandiuze ndinadzazimva mochedwa kwa amakanika ena. Giyabokosi yotere imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo kompyutayo imafuna kumva kuchokera ku injini. Injini yanga yakale ilibe zoterozo, ndiye iye anangolumikiza mawaya mongoyerekeza. Komanso giyabokosiyo inali yaitali kuposa yakale ija. Anadula shafuti, chitsulo chozungulira pansi pa galimoto chimene chimapereka mphamvu ku matayala akumbuyo, n'kuchiwotcherera mwachisawawa.

Nditaitenga, vaneti inkanjenjemera ndikangowonjezera liwiro, magiya akulowa mogunda. Ndinabwerera kukadandaula. Iye anaseka, n'kunena kuti zitsulo zikuzolowerana.

Loweruka lina masana tinkachokera ku Ndola ndi mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija, mwana wanga wamkazi Tiyamike, wa giredi 12, ali pambali panga. Tili pamsewu waukulu, giya inatsika yokha, injini inakuwa, pansi n'kumveka phokoso loopsa. Shafuti inali itathyoka powotcherera paja. Inalasa phula, kumbuyo kwa vaneti kunanyamuka, tinagubuduzikira kutchire. Ine ndinatuluka ndi mikwingwirima chabe. Tiyamike dzanja lake lamanzere linali pawindo, ndipo linaphwanyika pansi pa chitseko. Zala zake sizipinda mpaka lero. Mayeso ake anamudutsa ali m'chipatala.

Mkulu uja anabwera kuchipatalako atanyamula Baibulo, napemphera mokweza wodi yonse ikumva. Atatuluka pakhonde, anauza alamu anga kuti vuto n'loti akazi sadziwa kuyendetsa otomatiki. Ndinamva ndi makutu angawa. Akanandigwira manesi mochedwa, sindikudziwa chomwe ndikanamuchita.

Chondipweteka kwambiri ndi cha akuluakulu a mpingo. Anabwera kunyumba, nakhala pamipando ya malemu amuna anga, n'kundiuza kuti m'bale satengeredwa kukhoti, ndimukhululukire. Ndinawafunsa kuti, "Nanga iyeyo mwamuuza kuti avomere kulakwa?" Palibe ngakhale mmodzi amene anafunsa Tiyamike kuti wagona bwanji. Nditatuma munthu kukatenga giyabokosi yanga yakale, mkulu uja anali ataigulitsa kale.

Inu owerenga, sindikunena kuti otomatiki singaikidwe m'galimoto yakale. Akatswiri alipo. Koma funsani kaye: kompyuta yake ili kuti, shafuti apanga bwanji, ndi galimoto iti imene anaikonzapo yomwe ikuyendabe. Kaioneni ndi maso anu. Galimoto ikamanjenjemera, iimikeni, musakwezemo mwana. Ndipo udindo wa munthu kutchalitchi usakutsekeni pakamwa.

Nkhani ndinaipititsa kupolisi, mpingo ufune usafune. Sabata yatha ndinamva kuti mkuluyo akunyengerera mayi wina wamasiye wa ku Nkana East, yemwe ali ndi minibasi yakale, kuti nayenso amuikire otomatiki. Ndinakwera basi ndi Tiyamike mpaka pakhomo pa mayiyo. Sindinalankhule zambiri. Ndinangouza mwana kuti akwinye mkono wa malaya, mayiyo aone dzanja lija.